Mowa wa zipatso wotha tsiku limodzi: anthu amakanganiranji?

Kampani yaing'ono yofulula mowa ikalengeza kuti Loweruka itulutsa mowa wa zipatso, mabotolo owerengeka, munthu mmodzi asagule opitirira awiri, zotsatira zake zimakhala zodziwikiratu. Anthu amalawirira pa mzere kusanache. Dzuwa lisanafike paliwombo, mowa watha. Pofika madzulo mkangano wabuka. Amene apeza akuti chibadwire sanalawepo chokoma chotere. Amene abwerera chimanjamanja akuti kampaniyo ikuchitira dala. Ndiye pali gulu lachitatu, lomwe lagula, lalawa, n'kukwinya nkhope: "Ndalama zonse zija ndagulira juwisi wosasa?"

Izi zimachitika kawirikawiri ku America ndi ku Ulaya, kumene kuli timakampani tambirimbiri tofulula mowa wotchedwa craft, tomwe timaphika wochepa koma wa mitundumitundu. Ife a ku Blantyre lilime lathu linaleredwa mwa mtundu wina. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa mumzinda muno mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira mu 2016 ili m'manja mwa Castel. Munthu wakulira pa Green, Special ndi Kuche Kuche anazolowera chinthu chimodzi: botolo limene watsegula ku Chilomoni likome chimodzimodzi ndi limene anatsegula ku Bangwe chaka chatha. Likasiyana, amalibweza. Koma masiku ano mabotolo achilendo akulowa m'zikwama za obwera ku Joni, achinyamata ambiri akumwa Savanna ndi Hunter's, zomwe ndi zakumwa za maapozi, ndipo mkangano wa mowa wa zipatso wafika kale pa matebulo athu. Ambiri okanganawo amaiwala kafukufuku mmodzi wosavuta: kufunsa chimene chimachitikira chipatso chikalowa mu thanki.

Mowa uliwonse ndi ntchito ya yisiti. Yisiti amadya shuga, n'kutulutsa zinthu ziwiri, choledzeretsa chija ndi mpweya umene umapanga thovu. Shuga wochokera ku chimera cha balere ngwamitundu ingapo, ndipo wina yisiti wamba amalephera kumugaya. Wotsalayo ndi amene amachititsa kuti mowa ukhale wolemerera m'kamwa. Shuga wa m'zipatso ndi wofewa, yisiti amamumaliza yense osasiyako. Ndiye mukathira mango okoma ngati uchi mu mowa umene ukuwira, pakatha masiku ochepa kutsekemera konse kwapita. Chotsala ndi mtundu, asidi wa chipatsocho, ndi fungo, ngati lapulumuka. Nalonso fungolo limathawa mosavuta, chifukwa mpweya ukamatuluka mwamphamvu umanyamula tinthu tonunkhira tija n'kupita nato kunja. N'chifukwa chake ofulula odziwa ntchito amadikira kuti kuwira koyamba kuzizire kaye asanathire zipatso.

Apa ndi pamene pali gwero la theka la madandaulo onse. Wogula waona chithunzi cha chipatso pa botolo, malovu adzaza m'kamwa, akuyembekezera Sobo woledzeretsa. Chimene wapeza ndi chakumwa chouma, chowawasa, chokumbutsa chipatsocho chapatali. Palibe amene wamubera. Yisiti wangogwira ntchito yake.

Wofulula ali ndi njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi anthu ake oikonda komanso oinyoza.

Yoyamba ndi kulola yisiti adye zonse. Akatswiri a njira imeneyi ali ku Belgium, mumzinda wa Brussels ndi midzi yozungulira chigwa cha mtsinje wa Senne, kumene amafulula mowa wotchedwa lambic. Iwo sathira yisiti wogula. Akaphika madzi a chimera, amawathira m'chibeseni chachikulu chosaya, n'kuwasiya usiku wonse osavundikira kuti yisiti wa mumpweya ndi mabakiteriya agweremo okha. Amachita zimenezi m'miyezi yozizira yokha, chifukwa nthawi yotentha mumagwera tizilombo toononga. Kenako mowawo umakagona m'migolo ya matabwa chaka chimodzi, ziwiri, ngakhale zitatu. Ukakhwima ndi pamene amathiramo zipatso za cherry zowawasa, zathunthu, njere zake zili momwemo, pafupifupi magalamu 200 mpaka 300 pa lita iliyonse, n'kudikiranso miyezi. Umenewo ndiye kriek, wofiira ngati magazi, wouma, woluma m'masaya. Kampani ya Cantillon, yomwe inakhazikitsidwa ku Brussels mu 1900, imafulula mowa wa mtundu umenewu, ndipo mabotolo ake amasakidwa dziko lonse.

Njira yachiwiri ndi ya malonda: kusefa yisiti kapena kumupha ndi moto, mowa uli kale m'botolo, kenako kukoma kwa juwisi kapena zotsekemeretsa kumakhala momwemo mpaka tsiku lotsegula. Makampani ena a ku Belgium komweko anatsata njira imeneyi ataona kuti achinyamata akuthawa mowa wowawasa, ndipo kriek wotsekemera ndi amene amagulitsidwa kwambiri. Okonda zachikale anadandaula mpaka malamulo a ku Ulaya anateteza dzina lakuti Oude Kriek kuti lizilembedwa pa wofululidwa mwa makolo yekha. Ine sindiona cholakwa pa mowa wotsekemera. Ndi wotetezeka, umasungika, ndipo amene waugula amapeza chimene chithunzi chinalonjeza. Vuto limabwera ukagulitsidwa pa mtengo wa mowa umene wagona zaka zitatu m'mgolo.

Njira yachitatu ndi yatsopano ndipo ndiyo yadzetsa phokoso lalikulu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 2010, timakampani tina ta ku America tinayamba kuthira phala la zipatso lochuluka mu mowa wotha kale, n'kuutsekera m'zitini nthawi yomweyo, osaupha yisiti. Mowa wake ndi wokhathamira, supenyeka, umatsalira m'mbali mwa tambula, ndipo umajambulika bwino kwambiri pa foni. Anthu anaukonda zedi. Koma m'chitinimo muli yisiti wamoyo ndi shuga wambiri, ndipo chokhacho chowalekanitsa ndi kuzizira kwa filiji.

Aliyense amene anagwirako paketi ya Chibuku akudziwa kale nkhaniyi. Paketi ija ili ndi kabowo pamwamba chifukwa mowawo ukadali moyo, ukuwirabe. Tsiku loyamba ndi wotsekemera, ukagona umayamba kuwawasa ndi kulimba mphamvu, n'chifukwa chake womwa wodziwa amafunsa kuti wabwera liti. Tsono tangoganizani kabowo kaja mutakamata.

Masamu ake ndi awa. Magalamu pafupifupi 4 a shuga akawira mu lita imodzi ya mowa amatulutsa mpweya wokwana pafupifupi lita imodzi. Mowa wa m'botolo wamba umakhala ndi mpweya wa malita awiri ndi theka pa lita iliyonse. Mango akupsa ali ndi shuga pafupifupi magalamu 14 pa magalamu 100. Mukathira magalamu 200 a phala la mango pa lita, mwaonjezera shuga wa magalamu 28, wokwanira kubereka mpweya wina wa malita pafupifupi 7. Mukaphatikiza ndi umene unalimo kale, mwadutsa mpweya wa mu vinyo wa Champagne, yemwe amaikidwa m'botolo lochindikala, chotsekera chake chomangidwa ndi waya. Chitini sichingapirire. Choyamba pansi pake pamatukumuka, chitini chimakana kuima chilili pa tebulo, chimangogwedera. Kenako chimang'ambika, ndipo phala lofiira limafika mpaka kudenga.

Zitini zitayamba kuphulika m'makabati ndi m'magalimoto a anthu ku America, okonda mowa anagawikana. Ena anati wolakwa ndi wogula, poti pa chitini panalembedwa kuti chisungidwe mozizira. Ena, kuphatikizapo ofulula anzawo ambiri, anati chinthu chimene chingavulaze munthu chifukwa choti waiwala kuchiika mu filiji sichiyenera kutuluka pa geti ya fakitale. Ine ndili ndi achiwiriwa, makamaka ndikaganiza za kuno kwathu. Mwezi wa Okutobala, magetsi athima kuyambira m'mawa, filiji ya pa golosale yasanduka kabati. Mawu akuti "sungani mozizira" ku Blantyre ndi pemphero chabe.

Panabukanso nkhani ina. Phala la zipatso losawira lilibe mphamvu ya mowa, choncho limasungunula. Malita awiri a mowa wa 6% mukasakaniza ndi lita imodzi ya phala, mwatsala ndi 4%. Kampani ina ya ku Indiana, ku America, inavomera mu 2019 kuti mphamvu yolembedwa pa zitini zake inali yoyezedwa zipatso zisanathiridwe, ndipo ogula anakwiya kwambiri.

Mkangano wa pa lilime ndinauona bwino pa malo ena omwera ku Kamba. Munthu wina anabwera ndi botolo limodzi la kriek weniweni, lalikulu, lotseka ndi chitsekerero cha khungwa ngati vinyo, limene mlamu wake anabwera nalo kuchokera ku Ulaya. Analitsegula mwaulemu, n'kugawira anzake m'matambula, aliyense kufika chala chimodzi. Bambo wina wachikulire, amene Special sachoka m'manja mwake, ananunkhiza kaye, n'kulawa, n'kubweza tambula.

"Achimwene, alamu anuwo awagulitsa zoonongeka. Mowa uwu wasasa."

"Ayi madala, ndi mmene umakhalira. Wagona zaka m'mgolo umenewu."

"Ndiye mwayankha nokha. Wagona."

Mtsikana wa pa kauntala, atapatsidwa kuti alaweko, anati ukumveka ngati bwemba wosathira shuga, ndipo anapempha wina. Mnyamata wina sanalawe n'komwe msanga. Anayamba wajambula botolo, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumafufuza pa foni kuti anthu amaupatsa mapointi angati. Atapeza kuti ndi ambiri, analawa n'kunena kuti ndi mowa wapamwamba. Wina wa pambali anangoti, "Aise, mowa wofiira ngati umenewo ndi wa azimayi," n'kuitanitsa Green.

Mawu otsirizawa ndi opanda mutu, ndipo sindiwataira nthawi yambiri. Kuyambira kale amene amafulula masese, kusuza ndi kulawa ngati mowa wapsa ndi amayi athu. Ngati pali odziwa mowa m'dziko muno, ndi iwowo.

Funso la madala aja ndiye lofunika kuliyankha: kodi chinthu chowawasa, chofiira, chonunkhira zipatso n'kutchedwabe mowa? Otsutsa amakonda kutchula lamulo la mu 1516 la ku Bavaria, dera la ku Germany, lomwe linati mowa ufululidwe ndi madzi, balere ndi hops (timaluwa towawitsa ndi kununkhiritsa mowa) basi. Mowa wa m'mabotolo umene tinazolowera kuno ndi mdzukulu wa mwambo umenewo. Koma lamulolo linali la dera limodzi, ndipo ku Germany komweko anthu a ku Berlin amamwa mowa wawo wowawasa, Berliner Weisse, atathiramo manyuchi a raspberry. Tikati titsate lamulo la 1516, masese si mowa, chifukwa mulibe balere kapena hops, muli chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira. Achaga a m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro amafulula mbege ndi nthochi zosakaniza ndi chimera cha mawere. Kumadera otentha kwathu kuno masau akhala akuwiritsidwa n'kutchezedwa kachasu kuyambira kale. Ku Lilongwe, vinyo wa Linga amapangidwa ndi zipatso monga jambula ndi magwafa. Chipatso ndi choledzeretsa si alendo kwa ife. Chachilendo ndi mtengo wake, ndi mzere uja.

Tsono za kuchepako. Apa ndi pamene pamafunika kusiyanitsa bwino, chifukwa kuchepa kwina kumachokera ku mtengo wa zipatso, kwina kumachokera mu ofesi.

Kuchepa koona kuli ndi zifukwa zogwirika. Chipatso chili ndi nyengo yake, ikadutsa yadutsa. Masuku akatha pa msika wa Limbe, ngakhale mutabwera ndi ndalama zotani mudikira chaka chamawa, ndipo palibe amene amaimba mlandu wogulitsa. Chachiwiri ndi malo. Thanki imene mwagoneka mowa wa zipatso miyezi itatu ikanatulutsa mowa wamba kangapo, ndipo kampani yaing'ono ili ndi mathanki owerengeka. Chachitatu ndi mantha. Zipatso zimabwera ndi yisiti wakuthengo ndi mabakiteriya pa khungu, ndipo tizilombo timeneti tikalowa m'mapaipi tingathe kusasitsa mowa wina wonse wa m'fakitale. Ambiri amakhala ndi ziwiya zapadera za mowa wowawasa, ndipo sangaphike wochuluka.

Chitsanzo chabwino ndi kampani ya New Glarus ya ku Wisconsin, dera la ku America, yotchuka ndi mowa wa cherry wotchedwa Wisconsin Belgian Red. Mu 2012 zipatsozo zinakanika kubereka chifukwa cha nyengo. M'malo mogula mankhwala onunkhiritsa n'kunamizira kuti zonse zili bwino, anatenga cherry wochepa amene anapeza, n'kuphatikiza ndi maapozi ndi cranberry, n'kutulutsa mowa wina pa dzina lina, Serendipity. Kampani yomweyo sigulitsa mowa wake kunja kwa Wisconsin, moti anthu amayenda maulendo ataliatali kukaugula, ndipo eni mabala a m'madera ena anagwidwapo akuugulitsa mozemba.

Kuchepa kochita kupanga kumadziwika ndi kayendedwe kake. Mowa woyambira ndi umodzimodzi, phala la zipatso ndi logula m'migolo lomwe limapezeka chaka chonse, koma sabata iliyonse patuluka "watsopano, wosadzabweranso", chongosintha ndi chithunzi ndi dzina. Pamenepo chikugulitsidwa ndi mantha otsalira. Pulogalamu ya pa foni ya Untappd, yomwe inayamba mu 2010, inakolezera moto umenewu mosadziwa. Munthu amalembapo mowa uliwonse umene walawa n'kuupatsa mapointi osapitirira 5, ndipo ambiri amasangalala ndi kuchuluka kwa maina atsopano kuposa kubwereza mowa umene anaukonda. Mapointiwo ndimawatenga mosamala. Amene waima pa mzere maola anayi n'kulipira ndalama zambiri savomera msanga kuti mowawo ndi wamba. Mbali inayi, amene sakonda zowawasa amapatsa kriek wabwino pointi imodzi, ngati kuti wofulula walakwitsa.

Ndiye pali ogula kuti akagulitsenso. Amabwera ndi abale awo onse pa mzere kuti adutse malire a mabotolo awiri, mawa lake mabotolo ali pa intaneti pa mtengo wowirikiza kangapo. Amenewa ndi amene amakwiyitsa okonda mowa enieni kuposa wina aliyense, ndipo ife amene taonapo shuga ndi mafuta a galimoto zikusowa m'sitolo koma zikupezeka kuseri, mkwiyo umenewu sitichita kuuphunzira. Cantillon inatopa nazo. Mowa wake wapadera, Zwanze, utayamba kugulitsidwa mokwera pa intaneti, kuyambira mu 2011 anayamba kuutumiza m'migolo ku mabala osankhidwa m'maiko osiyanasiyana kuti utsegulidwe tsiku limodzi, umwedwe pomwepo. Wofuna kulawa apite yekha, alibe chonyamula kupita nacho kumsika.

Nanga wina atati ayese muno mu Blantyre? Zipatso si vuto. Mwanza ili ndi manachesi, Mulanje ndi Thyolo zili ndi zinanazi ndi nthochi, pa phiri la Zomba anyamata amagulitsa mabulosi, sitiroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu, ndipo mu Disembala mango amaola m'misika chifukwa chosowa ogula. Chodula ndi china chilichonse. Chimera cha balere, hops ndi yisiti wabwino zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023. Kuziziritsa mathanki kumafuna magetsi osadukiza kapena jenereta. Pamwamba pake pali chilolezo, msonkho wa MRA, ndi kuyezetsa ku Malawi Bureau of Standards. Botolo lotuluka pamenepo silingapikisane mtengo ndi Kuche Kuche, ndipo wofulula ayenera kuyembekezera kumva mawu akuti "akuba inu" tsiku loyamba lomwelo.

Kusankha chipatso nakonso kuli ndi misampha yake. Chinanazi chosaphika chili ndi bromelain, papaya ali ndi papain, zonse ziwiri zimagaya mapuloteni, ndipo mapuloteni ndi amene amagwira thovu. Popanda kutenthetsa zipatsozo, mowa umatuluka wopanda chisoti, ndipo Mmalawi akaona mowa wopanda thovu amati wafa. Mapeyala ali ndi mafuta, mdani winanso wa thovu. Mango ndi magwafa ali ndi ulusi ndi pectin (chimene chimakhathamiritsa jamu) wambiri, mowa umachita mbuu ndipo wochuluka umatsalira m'zinyalala pansi pa thanki. Magalagadeya ndiye odalirika, fungo lake ndi lamakani, limapulumuka kuwira, ndipo n'chifukwa chake ofulula ambiri kunja amawakonda. Masuku, ngakhale ndimawakonda, ndimakayika nawo. Ubwino wake wonse uli pa kutsekemera kofatsa kuja, ndipo yisiti akadutsapo sindikhulupirira kuti pangatsale zambiri zoti munthu aimire pa mzere.

Amene ndingawabetchere ndi malambe ndi bwemba. Onse awiri ndi owawasa kale, choncho womwa sayembekezera uchi, ndipo lilime lathu linawazolowera kuyambira pa mafilizesi a kusukulu. Malambe amabwera ali ouma m'chigoba chake, ufa wake umasungika miyezi yambiri popanda filiji, ndipo bwemba naye amasungika chimodzimodzi. Zimenezi zimapepula ntchito ya wofulula, koma zimamulandanso chowiringula chimodzi. Akadzalengeza kuti mowa wa malambe ndi wochepa chifukwa nyengo yake yatha, mudzamufunse kuti matumba aja adzaza pa msika wa Blantyre ndi a chiyani.